Kutchaja Maso a Kamlonda

Inu, sunthirani kuno kuli mthunzi, basi imeneyi sikuoneka kuti ifika msanga. Ndikuuzeni za telala wina amene anafuna kuchiritsa maso a mwana wake ndi tulo.

A Telala amenewa anali ndi kashopu pamsewu wopita kumsika, chitseko chimodzi, ndipo kuseri kwake kunali chipinda chomwe ankagona iwo, mkazi wawo ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Pakati pa shopu ndi chipinda panalibe khoma lenileni, panali thabwa losafika kudenga ndi kachitseko kake. Kusoka ankadziwa, pamenepo tisawanamizire. Ulusi ankaulowetsa pa singano kamodzi n'kamodzi osaunyambita n'komwe, kenako n'kumuyang'ana kasitomala kudikira kuti awayamikire. Ankati mtundu wawo ndi wa maso, ndipo agogo awo anamwalira ali nkhalamba yotheratu koma akuonabe nsabwe m'mutu mwa mdzukulu.

Koma msewu wonsewo unkawadziwa ndi dzina lina, a Sindikudziwa, chifukwa panjira sankapereka moni. Munthu amene dzulo anamuyeza m'chiuno ndi tepi, lero ankamudutsa ngati mtengo wa magetsi. Tsiku lina anadutsa apongozi awo enieni, atasenza katundu, akuwakodola ndi dzanja tsidya lina la msewu. Nkhani imeneyo inatenga miyezi itatu kuti izizire. Iwo ankangoti munthu wa ntchito ya mutu amayenda akuganiza.

Mkazi wawo, make mwana, sanali wolongolola. Anali ndi njira yakeyake. A Telala akayamba kulangiza ali pa makina awo, iye ankakaima pakhomo lotulukira pamsewu, n'kutukumula masaya, kutong'ola maso ndi kugwedeza chala m'mwamba ndendende mmene iwo ankachitira. Iwo ankamuyang'ana ndithu, n'kumapitiriza. Kwa makasitomala ankamutama kuti mkazi waulemu ngati ameneyu kulibenso, mwamuna akamalankhula amaima patali chete. Make mwana ankaganiza kuti mwina amuna ake ndi munthu wa mtima waukulu, wosasunga mangawa.

Mwanayo ankamutchula kuti Kamlonda, chifukwa kugona kwake kunali kwa alonda. Makina a abambo ake ankalira mpaka anthu onse atazimitsa magetsi, ndiye iye ankakhala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, akusokera chidole chake madiresi a tizigamba, nkhope ili pafupi ndi nsalu ngati akuinunkhiza. Akatopa, foni ya amake m'bulangete. Lero kugona naini koloko, mawa pakati pa usiku, Loweruka kudzuka dzuwa lili pamutu. Kusewera panja a Telala ankaletsa, ati mwana wa telala sayenda ndi diresi la fumbi.

Ndiye tsiku lina aphunzitsi anaitanitsa kholo. Anapita ndi make mwana. Aphunzitsi anayala makope awiri patebulo, la Kamlonda ndi la mnzake wokhala naye desiki imodzi. Zonse zinali zofanana, zokhoza ndi zolakwa zomwe, ndipo pa tsamba lina Kamlonda anakopera ngakhale dzina la mnzakeyo pamwamba. Aphunzitsi anati mwanayu si wakuba, mutu uli bwinobwino, koma bolodi saliona. Anamusunthira kutsogolo, komabe amangotsinzina ngati wathiridwa sopo m'maso. Mayeso anali atatsala milungu inayi, mafunso adzalembedwa pa bolodi, ndipo madesiki adzatalikirana. Akalephera, abwereza kalasi.

Pobwerera, Kamlonda analira njira yonse. Mnzake wa padesikiyo ndiye anali mnzake yekhayo padziko lapansi, ndipo akanapita kalasi ya patsogolo n'kumusiya ndi tiana tamamina.

Kuchipatala cha maso anapita onse atatu, a Telala atavala jekete kuti akaone yemwe akunyoza mtundu wawo. Dokotala anali mtsikana wamng'ono thupi, wolankhula mofatsa. Anamukhazika Kamlonda pampando n'kumulozera chikwangwani cha zithunzi pakhoma la kutsogolo, chachikulu pamwamba, tating'ono pansi. Kamlonda anaona nyumba ya pamwamba, basi. Zotsalazo anati ndi utsi.

Dokotala ananena zinthu zitatu, ndipo make mwana anaziwerenga ndi zala pansi pa chikwama. Choyamba, magalasi, chifukwa popanda amenewo bolodi saliona. Chachiwiri, azisewera panja masana, diso lizolowere kuyang'ana kutali. Chachitatu, azigona msanga komanso nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, foni ili kutali, poti mwa ana omwe iye amawapima, ogona mochedwa ndi mosinthasintha ndiwo amachuluka pa vuto limeneli. Anawonjezera kuti tulo si mankhwala obwezera diso mwakale, timangothandiza kuti zinthu zisathamange.

A Telala nthawi yonseyi anali akuyang'ana mpendero wa gawuni ya dokotala, womwe unali wokhota, n'kumadzifunsa kuti anasoka ndani. Pa zitatu zonsezo khutu lawo linatola liwu limodzi lokha: tulo.

Ali panja anaima, nakonza jekete.

"Mwamva, amake mwana? Nkhani ndi ya tulo. Diso lili ngati foni, likatha moto umalitchaja. Mwanayu wangotha batire."

"Anatinso magalasi, bambo a Kamlonda."

"Magalasi ndi a anthu opanda mtundu. Ndipatseni milungu itatu."

Inu, safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa, anayankhidwa, n'kudyabe phulalo.

Tsiku lomwelo chipinda chinasanduka malo otchajira. A Telala anati diso silingadzaze kukuwala, ndiye windo liyenera kutsekedwa. Nsalu yakuda yokhayo m'shopumo inali ya mlembi wa kukhoti, yemwe anaisiya kuti amusokere suti. Anaikhomera pawindo ndi misomali inayi, ati angoibwereka. M'chipindamo munada bii, moti woyamba kugwera m'ndowa ya madzi anali iwo eni ake.

Lamulo linali lotere: Kamlonda akaweruka kusukulu, adye, agone. Adzuke madzulo, adye, sikisi koloko agonenso. Anzake akusewera mpira wa manja kunja, iye ali gone mumdima ngati mbewu yosungira chaka chamawa. Make mwana anakumbutsa kuti dokotala anati azisewera panja. A Telala anafunsa ngati anaonapo munthu akutchaja foni kwinaku akuimbira. Make mwana anapita pakhomo, natukumula masaya.

Vuto linali loti mwanayo tulo sitinkabwera. Ndiye a Telala anadzipereka kukhala mlonda wa Kamlonda. Ankakhala pampando pafupi ndi bedi, mumdima muja, n'kumamuuza mbiri ya makina osokera ndi liwu lotsika kuti atope. Inu, mankhwalawo anali amphamvu zedi, koma ankagwira wopereka. Pasanathe mphindi khumi mkonono unkamveka mpaka kwa wometa tsitsi woyandikana nawo. Make mwana akasuzumira ankapeza a Telala atafunditsidwa bulangete mpaka m'khosi, Kamlonda atakhala tsonga pabedi, maso ali gwa, akuwerenga mikonono ya abambo ake. Makasitomala ankafika n'kubwerera, ena n'kumafunsa ngati a Telala akudwala. Make mwana ankayankha kuti ayi, ali pa tchaji.

Ndipo mwana amene wagonekedwa masana onse ndi sikisi koloko yomwe, mukuganiza kuti adzuka nthawi yanji? Tambala woyamba asanaganize n'komwe zolira, Kamlonda anali atadzuka, wamphamvu ngati mwana wa mbuzi, nyumba yonse ili m'tulo. Mmawa wina, posowa chochita, anakwera pa makina kuti athandize abambo ake omwe ntchito inali itawaunjikira. Anapeza mathalauza asanu ndi limodzi a alonda a kampani ina, odikira kupinda m'munsi. Anawasoka bwino kwambiri, mzere wowongoka, mwana wa telala weniweni. Kungoti anatseka miyendo yonse khumi ndi iwiri ngati matumba. Mkulu wa alondawo atabwera kudzayesa lake kuseri kwa katani, kunamveka phokoso ngati kwagwa kabati, kenako mawu omwe sindingawabwereze pano poti pali ana.

A Telala anakhala tsiku lonse akusomola ulusi, koma sanagonje. Anati mwaona, mzere wowongoka chonchi, maso ayamba kudzaza.

Mlungu wachiwiri mlembi wa kukhoti anabwera kudzafunsa za suti yake. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo anaiona nsalu yake ili pawindo ngati chikopa choyanika. A Telala sanaphethire n'komwe. Anamuuza kuti nsalu yapamwamba siidulidwa yaiwisi, imayenera kupachikidwa milungu itatu kuti ulusi wake ukhazikike, ndipo matelala a masiku ano sadziwa zimenezi. Mlembiyo anachoka akuthokoza.

Tsopano panafunika umboni. A Telala anatenga choko chawo cholembera nsalu n'kujambula chikwangwani chawochawo pa chitseko cha chipinda: pamwamba sizasi yaikulu, kenako thalauza, simbi, batani, ndipo pansi penipeni singano yaing'ono ngati yeniyeni. Madzulo alionse ankamuimika Kamlonda kukhoma la kutali, iwo n'kuima pafupi ndi chitsekocho, mphuno pafupifupi kugunda thabwa, akuloza ndi rula. Tsiku loyamba Kamlonda anatchula sizasi yokha. Tsiku lachitatu anafika pa simbi. Mwanayo anali atazindikira kuti akatchula zambiri, maola ogona masana amachepetsedwa, ndipo chitsekocho ankachidutsa kakhumi patsiku. Pofika Lachisanu anatchula zonse mpaka singano, mosapumira.

A Telala anatuluka panja n'kukauza wometa tsitsi, wogulitsa makala ndi munthu wina wongodutsa.

Koma make mwana anaona chomwe amuna ake sanaone. Potchula singano ija, Kamlonda anali akuyang'ana mphaka. Mawa lake a Telala atapita kukagula ulusi, anamuimika mwanayo pamalo omwe aja, iye n'kuima pachitseko atanyamula sipuni.

"Ndanyamula chiyani?"

Kamlonda anatsinzina, nasendeza mutu kutsogolo ngati kamba.

"Sizasi?"

"Nanga nkhope yanga ukuiona? Ndikuseka kapena ndakwiya?"

Mwanayo anapukusa mutu. Anati asawauze ababa, chifukwa amugonekanso masana onse, ndipo iye watopa ndi kugona, akumva ngati wamwalira kale. Anafunsanso ngati n'zoona kuti abwereza. Mayeso anali atatsala masiku asanu ndi anayi.

Make mwana anakhala pa bedi mumdima uja n'kuganiza. Kuwauza a Telala kuti alakwitsa kunali ngati kuuza khoma kuti lisunthe, anali atayesapo zaka khumi. Koma ankadziwa kuti mbuzi yokana kukokedwa ndi chingwe imatsatira yokha tsamba lobiriwira. Madzulo atawaikira madzi osamba, analankhula ngati zangomubwerera.

"Bambo a Kamlonda, ine zikundiwawa. Kadokotala kaja kanakuyankhulani ngati simudziwa kanthu. Mpaka lero kakuganiza kuti kanali kolondola."

A Telala anasiya kuvula nsapato.

"Komanso anthu ena akuvutika ndi ana awo," anapitiriza make mwana, "pamene njira yake muli nayo inu nokha m'nyumba muno."

Mmawa wake jekete inali itasitidwa tambala asanatsike.

Kuchipatala a Telala sanadikire kufunsidwa. Anamufotokozera dokotala za batire, za nsalu yakuda, za maola khumi ndi asanu patsiku, ndipo anati sakufuna malipiro, akufuna kuti achinyamata aphunzire. Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyang'ana make mwana kamodzi. Make mwana anayang'ana kudenga. Kamlonda anakhazikidwa pampando uja. Chikwangwani chinali china, osati cha tsiku loyamba lija: pamwamba galimoto, kenako mbalame, kapu, nsomba ndi tina tating'ono.

"Usaope, mwanawe. Ungonena zomwe ukuona."

Kamlonda anatsinzina. Anacheukira komwe kunali abambo ake, omwe anali atapinda manja pachifuwa. Kenako anatseka maso onse awiri kuti akumbukire bwino.

"Sizasi, thalauza, simbi, batani, singano."

Dokotala analuma cholembera chake. A Telala anatsokomola, nanena kuti vuto si mwana, vuto ndi chikwangwanicho, n'chakale, chafufutika, ngakhale munthu wa maso sangaone kanthu pamenepo.

"Mwina n'zoona, bambo," anatero dokotala mofatsa. "Takhalani pampandopo mumuonetse mwana mmene amachitira a mtundu wa maso."

Anakhala, nakoka thalauza m'maondo. Anayang'ana khoma nthawi yaitali. Make mwana anaona chinthu chomwe anali atachiona kambirimbiri osachiganizira: khosi la amuna ake likusendera kutsogolo ngati la kamba, maso akutsinzina, ndendende mwana wawo.

"Chapamwambacho ndi nyumba," anatero a Telala, pokumbukira za tsiku loyamba.

"Nanga chachiwiri?"

"Chachiwiricho ndi dothi. Simupukuta makoma kuno?"

Dokotala anati ayesenso. Apa a Telala anapsa mtima. Anaimirira, nanena kuti iwo sangapimidwe ndi mwana wa dzulodzuloli pamene akuluakulu alipo. Anatembenukira kukona ya kutali, pafupi ndi chitseko, nagwira chipewa pachifuwa mwaulemu wonse.

"Adokotala aakulu, mwaima chete nthawi yonseyi. Tanenani inuyo, chikwangwani chimenechi chikuoneka?"

Inu, adokotala aakuluwo inali gawuni yoyera yopachikidwa pa msomali.

Woyamba kuseka anali Kamlonda, ngakhale kuti nayenso sankaiona bwino, anangomva amake akulira ngati tayala lophulika pang'onopang'ono. Dokotala sanaseke, Mulungu amudalitse. Anangowakhazikanso pampando, nawaveka chimango chachitsulo chopimira maso, n'kumalowetsamo timagalasi kamodzikamodzi. Pa kachitatu a Telala anangoti kakasi. Anayang'ana galimoto, mbalame, kapu, nsomba. Anayang'ana gawuni ija nthawi yaitali. Kenako anafunsa ndi liwu laling'ono ngati anthu onse amaona chonchi tsiku lililonse, kwaulere.

Dokotala anawauza kuti diso lotere pafupi limaona bwino zedi, n'chifukwa chake singano sinkawavuta, ndipo kawirikawiri zimayenda m'magazi. Mtundu wawo unalidi wa maso, koma maso a nsabwe, osati a apongozi tsidya la msewu.

Magalasi anatuluka awiri tsiku limodzi, aang'ono ndi aakulu. Pobwerera Kamlonda ankaima paliponse. Anadabwa kuti mtengo uli ndi masamba limodzilimodzi, iye ankayesa kuti ndi chinthu chimodzi chobiriwira. Mawa lake anabwera ndi nkhani yoti aphunzitsi ali ndi mpata m'mano, ndipo bolodi lili ndi mng'alu pakona. Mayeso analemba yekha, dzina lake lomwe pamwamba, ndipo anakhoza. Iye ndi mnzake uja akukhalabe desiki imodzi, kungoti tsopano wokopera ndi mnzakeyo.

Nsalu ya mlembi inatsitsidwa pawindo, koma dzuwa linali litagwira ntchito yake milungu itatu. Pakati pake panali patayera chimodzimodzi windo, ndi mizere ya zitsulo zake zomwe. A Telala anayesetsa kuzemba podula, koma nsalu inali yongokwanira. Mpaka lero mlembi uja akamapita kukhoti, kumsana kwake kuli windo, ndipo amauza anzake kuti ndi mmene imakhalira nsalu yokhazikika.

Makina tsopano amasiya kulira eyiti koloko, foni imagona m'kabati, ndipo Kamlonda amagona nthawi yomweyo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, atatopa ndi mpira, diresi lili mbuu ndi fumbi. Dzina la Kamlonda lokha ndi lomwe linakana kuchoka. Koma a Telala dzina la Sindikudziwa linawathera, chifukwa anayamba kupereka moni kwa aliyense, wapafupi ndi wakutali, mpaka ulendo wogula ulusi unkatenga maola awiri.

Koma munthu sasintha tsiku limodzi. Patangotha mlungu, madzulo ena, anakhala pa makina awo, magalasi ali pamphuno, n'kuyamba kulangiza. Anati amake mwana aphunzirepo kanthu pa nkhaniyi, kuti pakhomo pamafunika mwamuna woona patali, chifukwa pakanapanda iwo kuumirira zobwerera kwa dokotala, bwenzi mwana akubwereza kalasi.

Make mwana miyendo inamutengera yokha pakhomo lija. Zaka khumi si masewera, thupi limazolowera. Anatukumula masaya, natong'ola maso, nakweza chala m'mwamba n'kuyamba kuchigwedeza.

Makina anaima. A Telala anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu, nawavalanso. Make mwana anauma pomwepo, chala chili m'mwamba, masaya ali chitukumukire.

"Amake mwana, nkhope imeneyo mwayamba liti?"

Mpweya unatuluka m'masaya pang'onopang'ono.

"Chaka chomwe tinakwatirana, bambo a Kamlonda."

A Telala anawerenga mumtima zaka, ndi makasitomala onse omwe anawauza za mkazi waulemu woima patali. Kenako anavula magalasi aja mosamala, nawapinda, nawaika m'kabokosi ka mabatani.

"Awa ndi a panjira ndi pa ntchito," anatero. "Polangiza ndizivula."

Ndipo anapitiriza pomwe anasiyira.